Chifuwa chachikulu, rifampicin ndi GVHD mwa mnyamata woikidwa maselo opanga magazi: lipoti lochokera ku Mzuzu

Lipotili likunena za mnyamata wa zaka 19 amene anaikidwa maselo opanga magazi ochokera kwa mlongo wake kunja kwa dziko lino, n'kubwerera ku Mzuzu ali bwino, koma patapita miyezi yochepa anadwala kwambiri chifukwa cha kusagwirizana kwa mitundu iwiri ya mankhwala, ciclosporin woletsa maselowo kulimbana ndi thupi lake (matenda a GVHD) ndi rifampicin wa chifuwa chachikulu (TB), yomwe uliwonse paokha unaperekedwa pa chifukwa chomveka. M'Malawi muno sitichita transplant ya mafuta a m'mafupa (kuika mwa wodwala maselo opanga magazi a munthu wina), komabe anthu amene amakalandira chithandizochi ku India kapena ku South Africa amabwerera kwawo, ndipo zovuta zimene zimadza pambuyo pake zimawapeza ali m'manja mwa ife azachipatala amene sitinaonepo ndi maso momwe ntchitoyo imachitikira. Mnyamatayu ndi banja lake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe popanda kutchula mayina.

Chiyambi cha matenda

Anabwera koyamba kuchipatala chathu atatha milungu ingapo akutuluka magazi m'mphuno ndi m'nkhama, akufooka, komanso akupuma movutikira akakwera kachitunda kakang'ono. Anali wotumbuluka, ali ndi timadontho ta magazi pansi pa khungu la miyendo, koma kapamba ndi chiwindi sizinali zotupa ndipo analibe mwanabere paliponse. Hemoglobin inali 4.8 g/dL, ma neutrophil (maselo oyera olimbana ndi matenda) 0.3 ndipo ma platelet (othandiza magazi kuundana) 9 x 10⁹/L. HIV ndi hepatitis B sanapezeke nazo. Kachidutswa ka fupa la m'chiuno kamene tinatumiza ku Lilongwe kanasonyeza kuti malo opangira magazi adzadza mafuta okhaokha, maselo atsala ochepa kwambiri, ndipo panalibe chizindikiro cha khansa. Zonsezi zinakwanira pa miyezo ya Camitta ya aplastic anaemia yoopsa (matenda amene mafupa amasiya kupanga magazi), miyezo yomwe imafuna kuti maselo a m'mafupa achepere 25 peresenti, kuphatikizapo ziwiri mwa izi: ma neutrophil ochepera 0.5, ma platelet ochepera 20, kapena ma reticulocyte (maselo ofiira ongopangidwa kumene) otsika kwambiri.

Chisankho choyamba chimene chinali ndi zotsatira zake m'tsogolo chinakhudza magazi. Monga mwa chikhalidwe chathu, abale anafika ali okonzeka kupereka magazi awo, ndipo amalume ake anadabwa titawakaniza. Wodwala amene mwina adzalandira maselo kuchokera kwa m'bale wake sayenera kuthiridwa magazi a pachibale, chifukwa thupi lake limaphunzira kuzindikira zizindikiro za banjalo ndipo lingadzakane maselowo pa nthawi yomwe akufunikira kwambiri. Tinagwiritsa ntchito magazi a anthu osawadziwa ochokera kosungira magazi, ndipo tinkamuthira pokhapokha pakafunikadi, popeza kuthiridwa magazi kambirimbiri nakonso kumawonjezera mpata woti transplant idzalephere.

M'bale aliyense wobadwa naye bere limodzi, bambo mmodzinso, amakhala ndi mwayi umodzi mwa inayi wofanana ndi wodwala pa zizindikiro za HLA, zimene thupi limazindikirira maselo ake ndipo ziyenera kufanana pakati pa wopereka ndi wolandira. Mwa abale ake amene anayezedwa, amene anafanana naye anali mlongo wake wamkulu wa zaka 27, mayi wa ana awiri. Anatengedwa onse awiri kupita ku India. Kumeneko anamukonzekeretsa ndi mankhwala otsitsa chitetezo a fludarabine ndi cyclophosphamide, kenako anamuthira maselo otengedwa m'magazi a mlongo wakeyo, osati obooledwa m'fupa, poganizira kuti anali atathiridwa kale magazi ambiri ndipo kunkafunika maselo ogwira msanga. Maselowo anagwira pa tsiku la 14. Anabwerera ku Mzuzu atangodutsa masiku 100, magazi ake ali abwino, akumwa ciclosporin kawiri pa tsiku, aciclovir ndi bakitirimu, atanyamulanso kalata yonena kuti mlingo wa ciclosporin m'magazi uzikhala pakati pa 150 ndi 250 ng/mL.

Tisanapitirire, m'pofunika kuona kuti mnyamatayu anabwera ali kale pa chiopsezo chachikulu cha GVHD, matenda amene maselo achitetezo a wopereka amalimbana ndi thupi la wolandira. Mu 1966 Rupert Billingham anafotokoza zinthu zitatu zofunika kuti matendawa achitike: maselo oikidwawo akhale ndi mphamvu yolimbana, wolandira akhale ndi zizindikiro zimene maselowo sakuzidziwa, ndipo wolandirayo akhale wopanda mphamvu yowachotsa. Mwamuna akalandira maselo a mkazi, zizindikiro zochokera ku chromosome Y zimakhala zachilendo kwa maselowo, ndipo chiopsezo chimakula ngati mkaziyo anakhalapo ndi pakati. Komanso kafukufuku wa 2007 wosanthula zolembedwa za odwala aplastic anaemia a ku Ulaya ndi a m'maiko ena anasonyeza kuti achinyamata olandira maselo otengedwa m'magazi amadwala GVHD yokhalitsa kuposa olandira a m'fupa. Kwa wodwala khansa ya m'magazi, GVHD yochepa imakhala ndi phindu lake chifukwa maselo omwewo amaphanso khansa yotsalira. Kwa wa aplastic anaemia palibe phindu lililonse. N'chifukwa chake ciclosporin, amene gulu la madokotala a ku Seattle ku America linasonyeza mu 1986 kuti akaphatikizidwa ndi methotrexate amateteza bwino ku GVHD, amapitirizidwa pafupifupi chaka chathunthu mwa odwalawa asanayambe kuchepetsedwa pang'onopang'ono, ndipo amatetezanso kuti thupi lisadzakane maselowo mochedwa.

Pamene zinthu zinatembenukira

M'mwezi wachisanu kuchokera pa transplant, kuzizira kwa Mzuzu kutafika, banja linaganiza zoti akakhale kwa amalume ake kunyanja. Ali kumeneko anayamba kutsokomola, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda. Kuchipatala chaching'ono cha m'deralo anamuyeza makhololo ndi makina a GeneXpert, napezeka ndi chifuwa chachikulu chomvera rifampicin, ndipo anayambitsidwa mapiritsi a RHZE, ophatikiza rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, tsiku lomwelo monga malamulo a dziko amanenera. Buku lake la kuchipatala linali latsopano, logulidwa komweko, pomwe lakale ndi mafayilo a ku India zinatsala m'sutikesi ku Mzuzu. Atafunsidwa ngati akumwa mankhwala ena, anayankha kuti amamwa "mankhwala a magazi", ndipo aliyense wa ife akanamva mawu amenewo akanaganiza za mapiritsi a ayironi.

Anafika kwa ife patatha pafupifupi milungu inayi chiyambire mankhwala a TB, atadumpha tsiku lake la kiliniki. Chifuwa chinali chitachepa, koma maso anali achikasu, thupi linkayabwa, ndipo ankalephera kudya chilichonse chokhala ndi tsabola kapena mchere wambiri chifukwa m'kamwa munkawawa. Pa zoyeza chiwindi, ALT inali 140 U/L, alkaline phosphatase 620 U/L, bilirubin 78 µmol/L, ndipo ma platelet anali atatsika kuchoka pa 190 kufika pa 88. Kwa munthu amene ali m'mwezi woyamba wa RHZE, chikasu ndi zidzolo zimakhala ndi tanthauzo limodzi lodziwika, ndipo m'mawa umenewo maganizo a ambiri pa wodi anali oti mankhwala a TB avulaza chiwindi ndi khungu. Maganizo amenewa sanali olakwika kotheratu, ndipo zotsatira za chiwindi pazokha sizikanatha kutiweruzira, chifukwa ngakhale GVHD imakonda kukweza alkaline phosphatase ndi bilirubin kuposa ALT, rifampicin nayenso amatha kuchita chimodzimodzi.

Chimene chinatichenjeza chinali zinthu zomwe zinkaoneka ngati zabwino. M'miyezi yapitayo creatinine yake, yomwe imakwera impso zikamavutika, inkakhala pafupi ndi 112 µmol/L, BP inkafika 138/88, ndipo manja ankanjenjemera pang'ono akagwira kapu. Tsiku limeneli creatinine inali 68, BP 104/66, ndipo manja anali atakhazikika. Kukwera kwa creatinine ndi BP komanso kunjenjemera ndi zizindikiro za ciclosporin amene akugwira ntchito m'thupi, choncho kutha kwake mwa munthu amene akuumirira kuti sanadumphe kumwa ndi tsiku limodzi kunatanthauza kuti mankhwalawo akulowa koma sakukhalitsa. Rifampicin amalimbikitsa kwambiri enzyme ya CYP3A4 m'chiwindi ndi m'matumbo pamodzi ndi P-glycoprotein, zomwe ndi njira zenizeni zimene thupi limatayira ciclosporin, ndipo mphamvu imeneyi imafika pachimake pasanathe milungu iwiri. Kumene kulibe makina oyezera mlingo wa ciclosporin, impso zimene zakhala bwino mwadzidzidzi ziyenera kudzutsa mafunso ngati mmene zimachitira impso zimene zaipiraipira.

Titamuyezanso mofatsa pa kuwala kwa dzuwa, tinaona mizere yoyera yolukanalukana m'kati mwa masaya onse awiri, yosachoka ikapalidwa ndi kamtengo koyezera lilime, mosiyana ndi thrush, matenda a fangasi a m'kamwa. Pamsana ndi m'mikono panali timatuza tosalala pamwamba, tonyezimira pang'ono. Zithunzi za m'mabuku ambiri zimaonetsa zidzolo za GVHD zili zofiira kapena zofiirira chifukwa zinajambulidwa pa khungu la azungu, koma pa khungu lathu zimaoneka zakuda kuposa khungu lozungulira, nthawi zina zotuwa, ndipo munthu amene akufunafuna kufiira akhoza kuzidutsa osaziona. Maso anali ouma, ndipo kapepala koyezera misozi ka Schirmer kananyowa mamilimita 4 okha pa mphindi 5. Malinga ndi mgwirizano wa akatswiri wa NIH, bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la ku America, wa 2005, womwe unakonzedwanso mu 2014, kusintha kwa m'kamwa ndi pakhungu kotereku, kofanana ndi matenda a lichen planus, n'kokwanira kutsimikizira GVHD yokhalitsa mwa munthu amene anachitidwa transplant, ndipo chimene chimasiyanitsa mtundu wokhalitsa ndi wamsanga ndi maonekedwe a matenda, osati malire akale a masiku 100. Tinatengabe kachidutswa ka khungu, koma sitinadikire zotsatira zake kuti tiyambe chithandizo.

Kutsika kwa ma platelet kunali ndi matanthauzo atatu, ndipo lililonse linali loopsa mwa njira yake. Kukanatha kuchokera kwa rifampicin, kukanatha kukhala mbali ya GVHD, pomwe ma platelet ochepera 100 amadziwika kuti ndi chizindikiro choipa, kapenanso chikanakhala chiyambi cha thupi kukana maselo a mlongo wake. Tinatenga magazi m'botolo la EDTA m'mawa asanamwe ciclosporin, n'kutumiza ku labotale ya kunja kuti akayeze mlingo wake komanso kuona ngati maselo a m'magazi mwake akadali a XX, ndiye kuti achikazi, a mlongo wake. Zotsatira zinabwera patatha sabata yoposa imodzi: ciclosporin anali wochepera 30 ng/mL, koma pafupifupi maselo onse anali a mlongo wake.

Zosankha ndi zifukwa zake

Tinakambirana ndi madokotala a ku India pa WhatsApp, tikutumiza zithunzi ndi zotsatira, komanso ndi anzathu a ku ofesi ya TB. Funso lalikulu linali loti rifampicin apitirire kapena ayi. M'maiko amene angathe kuyeza mlingo kawiri pa sabata, ena amapitiriza rifampicin n'kuchulukitsa ciclosporin katatu kapena kuposerapo. Ife sitikanatha kutero, chifukwa zotsatira zofika patatha masiku ambiri zimanena za wodwala wa sabata yatha, ndipo banja, lomwe linkagula lokha ciclosporin, silikanakwanitsa mtengo wochulukitsidwa katatu. Rifabutin, amene salimbikitsa enzyme ija kwambiri, sanali pafupi, ndipo amatsitsa maselo oyera komanso amafunabe kuyeza mlingo. Choncho tinagwirizana zochotseratu gulu lonse la rifamycin, momwe muli rifampicin ndi rifabutin, podziwa kuti tikutaya mankhwala amphamvu kwambiri a TB ndipo chithandizo chitalika kuchoka pa miyezi 6 kufika pa 18.

Popeza RHZE ndi piritsi limodzi lophatikiza mankhwala anayi, kuchotsa rifampicin kunatanthauza kuimitsa zonse ndi kufunafuna mankhwala apaokhapaokha. Chiwindi chikadali chotupa, tinamupatsa levofloxacin, ethambutol ndi amikacin. Amikacin ndi ciclosporin onse amavulaza impso ndipo nthawi zambiri sitikanawaphatikiza, koma m'masiku amenewo ciclosporin anali ngati mulibe m'thupi, creatinine inali yotsika, ndipo sitinafune kusiya wodwala amene akuyamba ma steroid ochizira GVHD ali pa mankhwala awiri okha a TB. Tinamuimitsa amikacin patatha milungu iwiri, pamene bilirubin inatsika mokwanira kuti tibwezeretse isoniazid pang'onopang'ono pamodzi ndi pyridoxine. Linezolid tinamupewa chifukwa amapondereza mafuta a m'mafupa, pomwe pyrazinamide sitinamubwezeretse chifukwa cha chiwindi.

Panali chiyeso chokweza ciclosporin titangoona mlingo wochepera 30, ndipo apa ndikufuna anzanga aime pang'ono. Mphamvu ya rifampicin pa chiwindi simatha tsiku limene wodwala wasiya kumwa, imazimiririka pang'onopang'ono kwa milungu pafupifupi iwiri. Mlingo umene uli woyenera sabata yoyamba umasanduka poizoni sabata yachitatu, ndipo wodwala akhoza kufika ndi impso zowonongeka, BP yokwera kapena kukomoka. Tinasiya mlingo wake wakale wa makapisozi osasintha, tikuyeza creatinine, potassium ndi BP kawiri pa sabata monga zotiyimira m'malo mwa makina amene tinalibe. Pa tsiku la 10 chisiyire rifampicin mlingo wa m'magazi unali 90 ng/mL, ndipo pa tsiku la 21 unafika 190 popanda kuwonjezera kapisozi ngakhale mmodzi. Kunjenjemera kwa manja kunabwerera pakati pa masiku amenewa.

Kuyamba steroid ya prednisolone mwa munthu amene TB yake ili m'mwezi woyamba wa chithandizo sikunali kopepuka, koma GVHD yogwira khungu, m'kamwa, maso ndi chiwindi, ma platelet ali otsika, siingachiritsidwe ndi mafuta opaka okha. Tinamupatsa 1 mg pa kilogalamu, yomwe inali 50 mg pa tsiku, titamumwetsa kaye ivermectin poopa njoka za Strongyloides zomwe zimatha kufalikira thupi lonse chitetezo chikatsitsidwa. Sabata yoyamba sipanaoneke kusintha kwenikweni, ndipo nkhani ya ruxolitinib, amene kafukufuku wa REACH3 anasonyeza kuti amathandiza GVHD yokhalitsa yosamva ma steroid ndipo anavomerezedwa ku America mu 2021, inabwera m'zokambirana. Sitinapite njira imeneyo. Mtengo wake unali wosafikirika, amatsitsa maselo a magazi, ndipo amadziwika kuti amadzutsa TB. Koposa apo, prednisolone nayenso amatayidwa msanga ndi chiwindi chimene chalimbikitsidwa ndi rifampicin, kotero kunena kuti matenda sakumva ma steroid m'masiku oyambawo kukanakhala kufulumira. M'sabata yachitatu zilonda za m'kamwa zinayamba kupola ndipo bilirubin inatsika msanga.

Hemoglobin itatsika kufika 7.6 g/dL, tinasankha kusamuthira magazi. Munthu amene analandira fludarabine ndi maselo a wina amafunika magazi owalitsidwa ndi cheza, chifukwa ma lymphocyte amoyo a m'thumba la magazi akhoza kuyambitsa GVHD ya mtundu wina imene imapha pafupifupi aliyense wodwala nayo. Magazi oterowo tinalibe, ndipo popeza mtima wake unkapirira, tinadikira mpaka hemoglobin inakwera yokha.

Mlongo wake ndiye ankamudikirira pa wodi. Tsiku lina anandiimitsa pakhonde nandifunsa kuti, "Adokotala, kodi ndi magazi anga amene akumupha mlongo wangayu?" Ndinawauza kuti, "Ayi mayi, magazi anu ndi amene akumusunga ndi moyo." Ndinawafotokozera kuti maselo awo ali ngati galu wolondera amene wapititsidwa ku nyumba yatsopano asanamudziwe mwininyumba, kuti ciclosporin ndi tcheni lomugwira mpaka atazolowera, ndi kuti mankhwala a TB anamasula tchenilo nthawi isanakwane. Wopereka maselo nthawi zambiri saonedwa ngati wofunika uphungu transplant ikatha, koma m'banja lathu la Chimalawi, momwe matenda amafunsidwa gwero lake, mawu akuti "thupi lake likulimbana ndi magazi a mlongo wake" akhoza kugawanitsa abale ngati sanalongosoledwe bwino.

Zimene zinatsatira

Ma steroid anabweretsa zawo. M'mwezi wachiwiri shuga anakwera ndipo anafunika insulin kwa kanthawi, mpaka prednisolone atatsitsidwa. Pambuyo pake aciclovir anamuthera kwa masiku angapo banja likusonkhanitsa ndalama, ndipo anatuluka mashingozi mbali imodzi ya chifuwa, omwe anapola ndi aciclovir wa mlingo wokwera. Makhololo ake anali opanda tizilombo ta TB pa kuyeza kwa mwezi wachiwiri wa dongosolo latsopano ndipo anakhala choncho mpaka kumapeto. Chifukwa ethambutol anamwedwa nthawi yaitali, tinkamuyeza maso mwezi ndi mwezi, makamaka kusiyanitsa mitundu.

Chimene tinasintha pa kachitidwe kathu n'chosavuta. Pa chikuto cha buku lake la kuchipatala, ndi pa kakhadi ka m'chikwama chake, tinalemba ndi zilembo zazikulu kuti ali pa ciclosporin, kuti asapatsidwe rifampicin, rifapentine, phenytoin, carbamazepine kapena phenobarbitone chifukwa amatsitsa mlingo, ndi kuti fluconazole, erythromycin ndi clarithromycin amaukweza, pomwe diclofenac, brufen ndi gentamicin zimaika impso pa chiopsezo. Rifapentine tinamutchula dala chifukwa ali mu 3HP, imene wina angamupatse ndi cholinga chabwino choteteza TB. Tinamuphunzitsanso kutchula dzina la mankhwala ake lenileni kulikonse kumene wapita. Ndikuona kuti m'dziko lokhala ndi TB yochuluka ngati lathu, funso la isoniazid woteteza liyenera kukambidwa wodwala asanakwere ndege yobwerera, ndipo kalata yotulukira kuchipatala cha kunja iyenera kunena mankhwala a TB amene angaperekedwe akapezeka nayo.

Panopa padutsa zaka ziwiri ndi miyezi ingapo kuchokera pa transplant. Anamaliza miyezi 18 ya isoniazid, ethambutol ndi levofloxacin, anasiya prednisolone, ndipo ciclosporin akuchepetsedwa pang'onopang'ono. Hemoglobin ili pa 13.1 g/dL, ma platelet pa 176, chiwindi chili bwino, ndipo wabwerera ku maphunziro ake. Watsala ndi mabala akuda pamsana ndi m'mikono, komanso maso ouma amene amafuna madontho kangapo pa tsiku, makamaka m'miyezi ya fumbi. Wayamba kulandiranso akatemera opanda tizilombo tamoyo, popeza chitetezo cha akatemera a paubwana chimatha ndi transplant, koma katemera wa chikuku ndi rubella adikira kufikira atasiyiratu ciclosporin ndipo GVHD itazizira. Tamukonzera ulendo wokayezetsa mapumidwe ndi spirometry, chifukwa GVHD yokhalitsa imatha kutseka tinjira ta mpweya m'mapapo mwakachetechete, ndipo mwa munthu amene anadwalapo TB kupuma movutikira kungathe kutengedwa ngati zipsera chabe.